Ine Ndinali Wosunga Majekete

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2022, tili pa tebulo la m'khitchini limene m'mawa limakhala kalasi ndipo madzulo limabwerera ku ntchito yake yodyerapo, mwana wanga wamkazi anatseka buku la masamu n'kundifunsa funso limene ndinali ndisanalikonzekere. Anati, "Amayi, kodi ineyo ndidzapita ku prom ya sukulu iti?" Ndinamuyankha kuti amalize kaye masamuwo, koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, chifukwa ndinadziwa kuti mwanayo sankafunsa za kuvina kokha. Ankafuna kudziwa ngati ife makolo ake, pomuchotsa kusukulu, tinamulandanso zinthu zimene anzake a msinkhu wake adzazikumbukire akadzakalamba.

Kwa amene simunakhaleko ku America, prom ndi dansi yaulemu imene sukulu za sekondale zimakonzera ophunzira a m'makalasi awiri omaliza, giredi 11 ndi giredi 12, kawirikawiri mu Epulo kapena mu Meyi pamene chaka cha sukulu chikupita kumapeto. Dzinali ndi chidule cha mawu akuti promenade, kutanthauza kuyenda mwandawala kwa anthu awiriawiri polowa m'holo. Anyamata amavala suti kapena tuxedo yobwereka, atsikana amavala madiresi aatali ofika kumapazi, mnyamata amamanga duwa pa dzanja la mtsikana ndipo mtsikana amabaya duwa pa jekete la mnyamata, kenako makolo amajambula zithunzi mpaka ana atatopa ndi kumwetulira. Munthu wa kuno ukamufunsa za prom yake, ngakhale ali ndi imvi, amakuuza mtundu wa diresi ndi dzina la amene anapita naye.

Ife tinayamba kuphunzitsa ana pakhomo mu 2020, mliri wa Covid utatseka sukulu, ndipo sitinali tokha. Kafukufuku wa nthambi ya boma yowerengera anthu kuno anaonetsa kuti mabanja ophunzitsa ana pakhomo anachoka pa 5.4 peresenti cha m'ma Epulo ndi Meyi chaka chimenecho kufika pa 11.1 peresenti pofika Okutobala, ndipo pakati pa mabanja a anthu akuda chiwerengerocho chinakwera kuchoka pa 3.3 kufika pa 16.1 peresenti. Ambiri anabweza ana awo sukulu zitatsegulidwa, koma ife tinaona kuti mwana wathu, amene kusukulu ankangokhala duu kumbuyo kwa kalasi, wayamba kufunsa mafunso ndi kutsutsa, choncho tinapitiriza. Chigawo cha Indiana, kumene tikukhala mu mzinda wa South Bend, sichivutitsa makolo pa nkhani imeneyi: lamulo limaona khomo lako ngati sukulu yoima payokha, ndipo chachikulu chimene limafuna ndi masiku 180 a maphunziro pa chaka ndi kaundula woonetsa kuti mwana anaphunziradi masikuwo. Ufulu umenewo ndi wokoma, koma walira mvula walira matope. Ukakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ana awiri, zonse zimene sukulu imachita popanda iwe kuziganizira zimagwera pamutu pako, kuyambira masewera, mwambo womaliza maphunziro, mpaka dansi.

Lachinayi lililonse tinkakumana ndi mabanja ena m'zipinda za pansi pa tchalitchi china, pagulu la makolo limene kuno amati co-op, kumene kholo lodziwa sayansi limaphunzitsa ana onse sayansi ndipo lodziwa zilankhulo limatenga phunziro lake. Kumeneko ndi kumene ndinatula funso la mwana wanga, ndipo zinapezeka kuti amayi ena anayi anali atafunsidwanso chimodzimodzi kunyumba kwawo. Tinapanga komiti ya anthu asanu ndi mmodzi, amayi asanu ndi bambo mmodzi amene anabwera kudzatenga mkazi wake n'kupezeka kuti wapatsidwa udindo wosunga ndalama.

Ndivomereze kuti ndinalowa mu komitiyo ndikudziona ngati mbuli. Dansi yokhayo ya kusukulu imene ndinkaidziwa inali disiko ya ku sekondale yogonera konko kumene ndinaphunzira kwathu, imene inkachitikira m'holo yodyera titakankhira mabenchi kukhoma, anyamata a sukulu ina atabwera pa lole, dzuwa lili mbee kunja, ndipo ikamatha mdima usanagwe ametironi anali ataima pakhomo kutiwerenga ngati mbuzi zolowa m'khola. Sindinkaganiza kuti chilipo chimene ndingawaphunzitse azimayi amene anavinapo pa prom zawo. Pambuyo pake zinaoneka kuti prom ya kusukulu imene iwo ankaikumbukira ndi imene inali yosatheka kwa ana athu.

Zinthu zofuna ndalama ndi mapepala sizinativute monga mmene tinkaopera, ngakhale zinadya nthawi. Holo inafunika kuigwira mu Novembala, chifukwa Loweruka lililonse la Epulo ndi Meyi limalimbiranidwa ndi maukwati ndi ma prom a sukulu zikuluzikulu, ndipo eni holo anafuna chikole nthawi yomweyo tisanagulitse tikiti ndi imodzi yomwe, kotero kuti tonse asanu ndi mmodzi tinapisa m'matumba mwathu. Anafunanso pepala la inshulansi ya tsiku limodzi, yoti ilipire ngati mwana atavulala kapena katundu atawonongeka, chinthu chimene sukulu imakhala nacho kale koma gulu la makolo liyenera kudzigulira lokha. Anatiuza chiwerengero cha anthu amene ozimitsa moto amalola m'holomo, ndipo chimenecho ndicho chinakhala malire a matikiti athu. Mtengo wa tikiti tinaupeza pophatikiza holo, inshulansi, chakudya ndi woimba nyimbo pa makina, n'kugawa ndi chiwerengero chochepera chimene tinkayembekezera, kuti ngati ana atabwera ochepa tisalowe m'ngongole. Pa chakudya, chimene chinandidabwitsa ine wokulira pa nsinjiro ndi chakuti mtedza unaletsedwa kotheratu, chifukwa panali ana awiri amene akangolawa kanthu kokhudzana ndi mtedza amabanika mpaka kufunika kubayidwa jekeseni. Mandasi amene ndinalonjeza ndinawakazinga mu mafuta a mpendadzuwa, ndipo ndinalemba pa kapepala zonse zimene ndinathiramo.

Nkhondo yeniyeni inabuka pa kavalidwe. Mabanja ophunzitsa ana pakhomo si amtundu umodzi, ngakhale anthu akunja amationa ngati ndife amodzi. Alipo amene anachotsa ana kusukulu chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo kwa iwo prom ya kusukulu ndi chithunzi cha zonse zimene anathawa. Alipo amene anachotsa ana chifukwa ankazunzidwa ndi anzawo, ena chifukwa mwana ali ndi vuto la kaphunziridwe, enanso ngati ife amene tinangopezeka tilimo. Mayi wina anabwera ku msonkhano wa mu Januwale ndi masamba awiri a malamulo: lamba wa paphewa la diresi akhale wotambalala zala zitatu, msana usaoneke kupitirira malo akuti, mng'alu wa siketi usadutse bondo, ndipo mtsikana aliyense atumize chithunzi atavala diresi lake, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti komiti ivomereze asanagule tikiti. Za anyamata panali mzere umodzi wokha wakuti avale tayi.

Ndinakhala chete kwa nthawi yaitali, chifukwa ndinali mlendo pakati pawo ndipo sindinkafuna kuoneka ngati wolimbikitsa uve. Koma ine ndinabadwira ku Malawi, dziko limene kavalidwe ka akazi kanali nkhani ya lamulo la boma. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yosabisa mawondo, ndipo linakhalapo mpaka pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Ndikukumbukira azakhali anga akumangirira chitenje pamwamba pa diresi asanatsike basi, osati chifukwa cha ulemu koma chifukwa cha mantha, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa ziwirizi. Ndinauza anzangawo kuti ndikugwirizana nawo kuti ana avale modzilemekeza, koma sindidzalola kuti chithunzi cha mwana wanga wa zaka 16 chizizungulira m'mafoni a anthu asanu ndi mmodzi kuti amuyeze thupi, ndiponso kuti mtsikana amene wabwezedwa pakhomo pamaso pa anzake chifukwa cha lamba wa paphewa sadzakumbukira phunziro lililonse la makhalidwe, adzangokumbukira manyazi. Tinakangana misonkhano iwiri. Pomaliza malamulo anatsala mizere inayi, yokhudza anyamata ndi atsikana mofanana, udindo woona diresi unabwerera kwa kholo la mwanayo kunyumba kwake, ndipo tinagwirizana kusunga timashawelo tingapo m'chipinda cha majekete kuti ngati pali chovuta, mayi mmodzi amunong'oneze mtsikanayo kumbali. Banja limodzi linatuluka m'gululo chifukwa cha chigamulo chimenechi, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni ndikaganiza za ana awo awiri amene sanabwere.

Vuto lachiwiri linali lobisika, ndipo ndi limene likanapha dansi yonse. Prom ya kusukulu imayenda chifukwa ana amadziwana, akhala m'kalasi imodzi zaka zinayi, ndipo mnyamata amadziwa kale mtsikana amene angamupemphe. Ana athu ambiri ankangodziwana nkhope, ena ankachokera kutsidya kwa malire ku Niles m'chigawo cha Michigan, ena ku Elkhart ndi ku LaPorte, ndipo mabanja angapo salola n'komwe ana awo kukhala pa chibwenzi asanamalize sekondale. Tinagwirizana msanga kuti matikiti agulitsidwe kwa munthu mmodzimmodzi ndipo pasakhale wofunika kubwera ndi mnzake. Koma ndinkaona m'maganizo mwanga chimene chidzachitike: atsikana khoma ili, anyamata khoma ilo, aliyense maso pa foni, nyimbo zikungolira pakati pa bwalo lopanda munthu.

Apa ndi pamene za kwathu zinandithandiza. Ndinawafotokozera kuti kwathu ukwati ukayandikira, operekeza akwati savina mwangozi pa tsikulo. Amakumana madzulo aliwonse kwa milungu ingapo pabwalo la nyumba ya munthu, wailesi ili pa mpando, wophunzitsa masitepe akukalipa, ndipo pofika tsiku la ukwati anyamata ndi atsikana amene sankadziwana amakhala atasekana, atapondana ndi kuzolowerana. Ndinati tichite chimodzimodzi. Mayi wina anati akudziwa bambo wina wopuma pa ntchito amene amatsogolera magule akale a ku England, aja ovina m'mizere iwiri yoyang'anizana pamene wotsogolera amaitana sitepe iliyonse mokweza mawu ndipo ovina amasinthana anzawo gule akamapita. Ubwino wa magule amenewa ndi wakuti palibe amene amasankhidwa kapena kusiyidwa, ndipo pakutha kwa gule mmodzi umakhala utagwirana chanza ndi theka la holo. Bamboyo anavomera kutiphunzitsa Loweruka anayi a mu Malichi, ndipo anawonjezerapo pang'ono magule ovina awiriawiri otchedwa waltz ndi swing.

Loweruka loyamba linali lomvetsa chisoni ndi loseketsa nthawi imodzi. Atsikana anachuluka kuposa anyamata pafupifupi kawiri, kotero kuti amayi anayamba kuimbira mafoni kunyumba kuitana alongo a atsikanawo, amene anabwera nkhope zili gwaa ngati opita kukalima kumunda kwa apongozi. Ndinaona mnyamata wina wamtali, wa mapazi aakulu, amene anapatsidwa mwana wanga pa waltz. Asanamugwire dzanja anapukuta chikhatho chake pa buluku kawiri, ndipo gule atayamba maso ake sanachoke pansi, milomo ikuwerenga motsitsa kuti wani, thu, firii, mpaka anamuponda chala mwana wanga n'kupepesa katatu konse. Mwana wanga anaphulika ndi kuseka, mnyamatayo nayenso anaseka, ndipo kuyambira pamenepo anadzutsa mutu. Pofika Loweruka lachitatu ana anali atayamba kufika nthawi isanakwane, anali atatsegula gulu lawo pa foni limene ife makolo sitinaloledwemo, ndipo alongo okakamizidwa aja anali atayamba kufunsa za mtengo wobwerekera suti.

Gulu lawo la pa foni lija ndilo linabala pempho limene linatibaya tonse. Titafunsa makolo ofuna kudzayang'anira pa tsikulo, pafupifupi banja lililonse linalembetsa, moti oyang'anira akanachuluka kuyandikira chiwerengero cha ana. Ana anatumiza nthumwi zitatu ku komiti, ndipo mtsikana amene anawalankhulira ananena mwaulemu koma mosapsatira kuti iwo amakhala ndi makolo awo kuyambira m'mawa mpaka usiku, kuti mphunzitsi wawo, wophika wawo, dalaivala wawo ndi wolemba malipoti awo ndi munthu mmodzi yemweyo, ndipo akupempha maola anayi okha oti avine popanda maso a munthu ameneyo. M'chipindamo munangoti zii. Ine ndinamva kuwawa, chifukwa ndinali nditadziikira kale malo pafupi ndi tebulo la zakumwa pamene ndikanaona bwalo lonse. Koma mtsikanayo ankanena zoona, ndipo ndikuganiza kuti ichi ndi chilema chathu chachikulu ife ophunzitsa ana pakhomo: timazolowera kuona chilichonse chimene mwana akuchita mpaka timayamba kuganiza kuti chimene sitinachione sichinachitike bwino. Tinagwirizana kuti makolo onse aloledwe theka la ola loyamba kuti ajambule zithunzi ndi kuonerera ndawala yolowera, kenako atuluke. M'holo mutsale akuluakulu asanu ndi mmodzi okha, osankhidwa mwa amene ana awo sanali pa dansiyo, monga makolo a ana aang'ono ndi a ana amene anamaliza kale. A komiti tinagawana ntchito zakunja, ndipo ine maere anandigwera pa chipinda cha majekete.

Nthawi yotsekera inatsogoleredwa ndi malamulo a pamsewu. Ku Indiana wachinyamata amene wangolandira laisensi saloledwa kuyendetsa galimoto kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa kwa masiku 180 oyamba, ndipo m'masiku amenewo saloledwanso kunyamula anzake popanda munthu wamkulu. Titawerenga ana amene lamuloli linkawakhudza, tinaona kuti n'kwanzeru kuyamba 6 koloko ndi kutseka 10 koloko, makolo n'kudzatenga ana pakhomo, ndipo mwana amene watuluka m'holo asabwererenso. Chimene tonse tinaiwala ndi chakuti South Bend ndi LaPorte, ngakhale zili pafupi ndiponso m'chigawo chimodzi, zimasiyana nthawi ndi ola lathunthu. Pa tikiti tinangolemba 6 koloko, ndipo banja lina la ku LaPorte linafika ndawala itatha kalekale, mayi akupukusa mutu ndipo mwana wake akulimbana ndi misozi kuti isawononge zodzola.

Diresi la mwana wanga linali ndi nkhani yakeyake. Mng'ono wanga anatumiza nsalu ya chitenje kuchokera ku Lilongwe kudzera mwa munthu wina amene ankabwerera kuno, yobiriwira mwakuda ndi maluwa agolide, ndipo mayi wina wa kwathu amene amasoka kunyumba kwake kuno ku South Bend, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu, anaiphatikiza ndi nsalu yosalala n'kusoka diresi lofika pansi. Mwanayo anazengereza sabata yathunthu, akuti sankafuna kukhala wosiyana ndi aliyense, ndipo ine ndinadziluma lilime osamukakamiza. Agogo ake atamva pa WhatsApp kuti mdzukulu wawo akupita ku dansi ya usiku kukagwirana ndi anyamata, anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinawafotokozera za malamulo onse, za oyang'anira ndi za 10 koloko, koma chimene chinawakhazika mtima pansi ndi pamene anaona chithunzi cha diresi. Anapempha kulankhula ndi mwanayo ndipo anamuuza kuti, "Iwe, ukakafika kumeneko usakaime kukhoma ngati mlendo. Pagule fumbi ndiwe mwini." Mwanayo anandifunsa tanthauzo lake foni itadulidwa, ndipo mawa lake anapachika diresi la chitenje lija pa chitseko cha chipinda chake.

Tsikulo kunazizira monga mmene kumachitira kuno mu Epulo mphepo ikamachokera ku nyanja ya Michigan, choncho ntchito yanga inakula kuposa mmene ndinkaganizira. Mwana aliyense anabwera ndi jekete lolemera pamwamba pa zovala zake zokongola, ndipo ndinkapachika, kulemba nambala ndi kupereka kapepala mpaka manja anatopa. Ndawala ndinaionera pa mpata wa chitseko, mapewa a makolo ena akunditchinga, ndipo ndinangoona kubiriwira kwa diresi kukudutsa kamodzi. Kenako makolo anatulutsidwa, ena akuyenda chafutambuyo foni ili m'mwamba, ndipo zitseko ziwiri za holo zinatsekedwa.

Maola atatu ndi theka otsatira ndinakhala pa mpando wachitsulo pakati pa majekete onunkhira mafuta odzola osiyanasiyana. Zonse ndinkazimva kudzera kukhoma: mawu a bambo uja akuitana masitepe, mapazi ambiri akugunda pansi nthawi imodzi, kuwomba m'manja gule akatha, kenako nyimbo zamakono zimene zinagwedeza mahang'ala pa chitsulo chake. Kawiri konse ndinaimirira n'kufika pa chitseko cha holo, dzanja lili pa chogwirira, ndipo kawiri konse bambo wosunga ndalama uja, amene anaikidwa kukhala mlonda wa pakhomo, anangondiyang'ana osanena kanthu mpaka ndinabwerera. Timashawelo tija palibe amene anatifuna, kupatula mtsikana wina amene anabwera kudzapempha kamodzi chifukwa ankamva kuzizira.

Cha m'ma 9 koloko chitseko chinatseguka ndipo mwana wanga anatulukira, thukuta lili kamukamu pamphumi, duwa la pa dzanja litapindika, nsapato zazitali zija atazinyamula m'manja. Anaziika pa tebulo langa n'kunena kuti, "Amayi, mundisungireko izi, zikundipweteka." Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse kuti zikuyenda bwanji, wavina ndi ndani, wadya kapena ayi, koma mkatimo nyimbo ina inali itayamba ndipo wina anamuitana dzina. Anathamanga chosavala nsapato, atakwinya diresi m'manja kuti lisamukole, ndipo chitseko chinatsekeka pambuyo pake. Ndinang'amba kapepala, ndinalemba nambala, ndipo nsapatozo ndinaziika pansi pa jekete lake.